Vinyo wofiira womanga m'kamwa: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa kawirikawiri kuno ku Mzuzu, ena patebulo m'zaka zimene ndinkaperekera zakumwa, ena pafoni ndi anthu amene aima m'sitolo botolo lili m'manja osadziwa ngati alibweze pashelefu. Ambiri amayamba ndi dandaulo limodzi: ndinagula vinyo wodula, koma nditangomwa kamodzi m'kamwa munauma gwa. Tiyambire pomwepo.

Kodi n'chiyani chimaumitsa m'kamwa ndikamwa vinyo wofiira?

Ndi tanini. Ameneyu ndi wachilengedwe, amapezeka kale m'zomera zambiri: m'makungwa a mitengo, m'masamba, m'zipatso zosapsa. Amene anakulira kumudzi amamudziwa ngakhale dzina lake sanalimvepo. Mukaluma nthochi yosapsa, kapena suku lothyoledwa lisanagwe lokha, lilime limakhala ngati lapalidwa, masaya amamatirira kumano, malovu osaonekanso. Zimenezo ndi zomwe zimachitikanso mu vinyo.

Malovu athu ali ndi mapuloteni amene amachititsa kuti m'kamwa muziterera. Tanini akakumana ndi mapuloteniwo amawagwira n'kuwaundanitsa, kuterera kuja n'kutha, ndiye lilime limayamba kukhulana ndi nkhama popanda chofewetsa. Dzina lakelo linachokera ku ntchito yofufuta zikopa: kale ku Ulaya ankaviika zikopa m'madzi a makungwa a mtengo wa oak kuti zilimbe, zisawole. Choncho mukanena kuti m'kamwa mwasanduka chikopa, simunaphonye kwenikweni.

Ndiye kuti tanini ndi kuwawa kumene ndimamva kuja?

Pang'ono chabe. Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza. Kuwawasa ndi kwa mandimu, bwemba ndi malambe, ndipo kumadzaza malovu m'kamwa. Kuwawa ndi kwa khofi wopanda shuga kapena masamba a nimu. Kumanga kwa tanini si kakomedwe koma kakhudzidwe, monga momwe chala chimasiyanitsira nsalu yosalala ndi chiguduli. Vinyo mmodzi akhoza kukhala nazo zonse zitatu, koma mukadziwa kuzilekanitsa mudziwanso chimene chikukuipirani.

Njira yotchipa yophunzirira ili m'khitchini mwanu momwemo. Tiyi ali ndi tanini wambiri, ndipo ife amene tili pafupi ndi minda ya Kawalazi sitingasowe masamba. Konzani makapu atatu a madzi owira, muikemo timatumba ta tiyi. Koyamba kachotseni pakatha mphindi imodzi, kachiwiri pakatha mphindi 4, kachitatu kasiyeni mphindi 15. Musathire shuga. Akazizirako, lawani motsatizana, mukuyendetsa lilime kunkhama zakumwamba. Kapu yachitatuyo ndiye ikufanana ndi vinyo wofiira wa mphesa za Cabernet Sauvignon amene sanagone zaka. Kenaka thiranimo mkaka pang'ono mulawenso: kumanga kuja kwachepa, chifukwa tanini wagwira mapuloteni a mkaka m'malo mwa malovu anu. Musaiwale kapu ya mkakayi, tidzaifunanso pa funso la chakudya.

Amalowa bwanji mu vinyo, ndipo bwanji woyera alibe?

Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda bii, ndi oyera. Mtundu wofiira ndi tanini zili m'makungu, m'njere ndi m'timitengo togwira mphesazo. Popanga vinyo woyera amafinya madzi n'kutaya makungu nthawi yomweyo. Popanga wofiira amasiya zonse pamodzi kuti ziwire, kwa masiku ochepa kapena milungu ingapo, akuvundula kuti makungu amene ayandama amirenso. Akasiya nthawi yaitali, akavundula kwambiri, akafinya mwamphamvu pomaliza, tanini amachuluka. Ndi nkhani ya kathumba ka tiyi ija.

Wina amachokera m'migolo. Vinyo wambiri wodula amagona miyezi m'migolo ya oak, yodziwika kwambiri ndi ya malita 225, ndipo mgolo watsopano umapereka tanini wake pamodzi ndi fungo la vanila, utsi kapena khofi wokazinga. Mgolo umene wagwira ntchito zaka zingapo umakhala utasukuluka. Vinyo wotsika mtengo nthawi zambiri saona mgolo n'komwe, amangoponyamo tizidutswa ta matabwa m'thanki yachitsulo.

Pabotolo alemba kuti dry. Ndiye kuti ali ndi tanini wambiri?

Ayi. Mawu amenewa amanena za shuga basi: yisiti anadya pafupifupi shuga yense wa mphesa n'kumusandutsa mowa. Pa malamulo a ku South Africa, vinyo wotere sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita. Sauvignon Blanc woyera ndi dry koma samanga m'kamwa. Kwinaku, vinyo wotsekemera akhoza kukhala ndi tanini, kungoti shuga amamubisa, monga amabisira kumanga kwa tiyi wokhalitsa m'ketulo.

Ndi mphesa ziti zimene zimatulutsa tanini wambiri?

Pa zimene mungapeze m'masitolo a m'tauni muno, mfumu yake ndi Cabernet Sauvignon. Mphesa zake n'zazing'ono, zamakungu okhuthala, ndiye makungu ndi njere zimachuluka poyerekeza ndi madzi. Kwawo ndi ku Bordeaux, ku France, ndipo mu 1997 ofufuza a ku University of California ku Davis anasonyeza kuti makolo ake ndi Cabernet Franc ndi Sauvignon Blanc, mmodzi wofiira wina woyera. Ku South Africa, kumene kumachokera pafupifupi vinyo yense amene timamuona kuno, Cabernet wotchuka ndi wa ku Stellenbosch, m'mphepete mwa mapiri a Simonsberg ndi Helderberg.

Chapakati pali Shiraz, amene ena amalemba kuti Syrah koma mphesa yake ndi imodzi, Malbec wa ku Mendoza ku Argentina, ndi Pinotage. Merlot ndi wofewerapo, n'chifukwa chake amakonda kumuphatikiza ndi Cabernet kuti amuziziritse mtima. Pansi penipeni pali Pinot Noir, Cinsaut ndi Gamay wa ku Beaujolais, zimene makungu ake ndi opyapyala.

Ndiye pali zimphona zimene sizifika kuno pokhapokha mutatuma wobwera kuchokera ku Joni. Tannat ndi wa ku Madiran, kum'mwera chakumadzulo kwa France, ndipo m'zaka za m'ma 1870 anawolokera ku Uruguay kumene lero amamutenga ngati mphesa yawoyawo. Nebbiolo wa ku Piedmont ku Italy ndiye amapanga Barolo, vinyo amene lamulo limati asagulitsidwe asanagone miyezi 38, ndipo 18 mwa miyeziyo ikhale ya mumgolo. Sagrantino wa ku Montefalco, ku Italy komweko, amaposanso pamenepo. Woyamba kumene asayambire apa.

Nanga Pinotage amene ali paliponseyu ndi wotani?

Ndi mwana wa ku South Africa weniweni. Anamubereketsa ndi Abraham Izak Perold, mphunzitsi wa za ulimi wa mphesa ku yunivesite ya Stellenbosch, chapakati pa zaka za m'ma 1920, pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, imene panthawiyo kumeneko ankaitcha Hermitage. Dzinalo ndi zidutswa za maina awiriwo. Botolo loyamba kulembedwa dzina la Pinotage linatuluka mu 1961 pansi pa dzina la Lanzerac. Chodabwitsa n'chakuti makolo onse awiri ndi ofatsa, koma mwanayo anabadwa ndi khungu lokhuthala ndi mtundu wakuda.

Pinotage ali pawiri, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa. Pali wolimba, wogona m'migolo, monga wa ku munda wa mphesa wa Kanonkop, amene amafuna nyama ndi zaka. Palinso amene pabotolo amatchula khofi kapena chokoleti. Mulibe khofi mmenemo, fungolo limachokera ku matabwa owauka, ndipo vinyo wake ndi wofewa, wopangidwira kumwa chaka chomwecho. Ine sindimukonda kwenikweni, amandikumbutsa maswiti, koma ndaona anthu ambiri akulowera pakhomo limeneli n'kufika kwina. Mukaona mawu akuti Cape Blend, dziwani kuti ndi vinyo wosakaniza amene gawo lalikulu ndi Pinotage.

Ndili m'sitolo, sindingalawe. Ndidziwa bwanji?

Palibe botolo limene limalemba kuchuluka kwa tanini, ndiye timachita kulondola mapazi. Choyamba ndi dzina la mphesa, monga tafotokozera m'mwambamu. Pa vinyo wa ku South Africa amene ali ndi kapepala ka chitsimikizo pakhosi pa botolo, dzina la mphesa likalembedwa ndiye kuti 85 peresenti kapena kuposerapo ndi mphesa imeneyo. Dongosolo limeneli, lotchedwa Wine of Origin, linayamba mu 1973. Pakalembedwa W.O. Stellenbosch kapena W.O. Paarl, mphesa zonse zachokera kumeneko. Pakalembedwa W.O. Western Cape, zatoleredwa m'dera lalikulu, ndipo kawirikawiri vinyo wake amakhala wofewa, wa tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi chaka. Chimenechi ndi chaka chokolola, osati chothira m'botolo, ndipo kumeneko amakolola kuyambira Januwale mpaka Epulo. Cabernet wa chaka chatha amaluma kuposa wa zaka zinayi zapitazo. Chachitatu, tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Mawu ngati firm, structured, full-bodied, kapena kutchula miyezi ya m'migolo yatsopano, akukuchenjezani kuti muli tanini. Mawu ngati soft, smooth, juicy, easy drinking akukuuzani kuti amuchepetsa dala. Mawu akuti reserve okha musawakhulupirire kwambiri, kulemera kwa botolo ndi dzenje lapansi pake n'chimodzimodzi, zimenezo ndi zovala chabe.

Vinyo akakhala wakuda kwambiri ndiye kuti ndi womanga kwambiri?

Kawirikawiri zimayendera limodzi, koma osati nthawi zonse. Nebbiolo ndi wotuwa moti mutha kuwerenga nyuzipepala kudzera m'tambula, koma amamanga kuposa Shiraz wakuda ngati inki. Maso asakupusitseni.

Kodi tanini wambiri ndi chizindikiro cha vinyo wabwino?

Ayi, ndipo amene amakuuzani choncho nthawi zambiri akufuna kuoneka odziwa. Chofunika si kuchuluka koma mtundu wake. Mphesa zikakololedwa njere zisanakhwime, kapena zikafinyidwa mwankhanza kuti madzi achuluke, tanini wake amakhala wokanda, wowawa kummero, ndipo ngakhale mutasunga botolo zaka khumi sasintha khalidwe. Mphesa zikapsa bwino, tanini amakhalapo wambiri koma wosalala, ngati ufa woyera wosefedwa poyerekeza ndi gaga.

Poyesa, gwirani vinyo m'kamwa pang'ono, mezani, ndiye dikirani. Ngati pambuyo pa kuuma kuja kukoma kwa zipatso kukadalipo, ndipo mukufuna kumwanso, vinyoyo ali bwino. Ngati kwatsala kuuma kokhakokha ndipo dzanja likufunafuna madzi, ndiye kuti zipatso zinachepa, tanini watsala yekha pabwalo.

Ndinazolowera vinyo wofiira wotsekemera. Ndiyambire pati?

Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Ambiri a ife tinayambira pa Four Cousins, 4th Street kapena wa m'katoni uja wa pa zinkhoswe. Cholakwika ndi kudumpha kuchoka pamenepo n'kukagwera pa Cabernet wodula chifukwa mwalandira malipiro. Yambani ndi Cinsaut kapena Merlot wosadula, kenaka Pinotage wofewa uja, kenaka Shiraz, kenaka vinyo wosakaniza monga Roodeberg wa kampani ya KWV kapena Chateau Libertas, amene wakhala akupangidwa kuyambira 1932. Cabernet payekha abwere pomaliza, ndipo abwere ndi mbale ya nyama.

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo si chinthu choyesera mwachisawawa. Sonkhani anthu anayi, mugule mabotolo awiri osiyana, Merlot ndi Cabernet a kampani imodzi ndi chaka chimodzi, muwalawe moyandikana. Madzulo amodzi otere amaphunzitsa kuposa mabotolo khumi omwa paokhapaokha. Dziwaninso kuti malovu a anthu amasiyana: vinyo amene mnzanu akuti ndi wosalala, kwa inu akhoza kukhala chiguduli, ndipo palibe akunama.

Ndimwere chakudya chanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Vinyo womanga sanapangidwire kumwa pamimba yopanda kanthu mutakhala pabala. Kumbukirani mkaka m'tiyi muja: mukamupatsa tanini mapuloteni ndi mafuta ena oti agwire, amasiya malovu anu. Naye amabweza zabwino, chifukwa amatsuka mafuta amene amatirira m'kamwa, nthuli yotsatira n'kukomanso ngati yoyamba.

Ndiwo zathu zambiri zimamuyenera kuposa momwe anthu amaganizira. Kanyenya wa mbuzi wowotcha pamakala, wothira mchere wokwanira, ndi Shiraz kapena Pinotage wolimba, palibe chowonjezera. Mchere nawo umachepetsa kuwawa. Mang'ina ophika mpaka msuzi kumata milomo ndiwo malo a Cabernet, ndipo ndinganene kuti ndiye chakudya chabwino koposa chimene tili nacho pa vinyo wotere, makamaka usiku wa mu Julayi chifunga chitatsika kuchokera ku Kaning'ina. Nyama ya ng'ombe yamafuta, mchira wa ng'ombe, nkhumba yowotcha, mbalagha ya ku Karonga ya nthochi ndi nyama, zonsezi zimagwirizana naye. Nkhuku yachikuda yophika nthawi yaitali imafuna wapakati, monga Merlot.

Osadya nyama asadandaule. Nyemba zophika bwino zothira mafuta, bowa wokazinga wa nthawi ya dzinja, nkhwani wotendera, ngakhale mtedza wokazinga wamchere, zimagwira ntchito yomweyo. Nsima payokha sithandiza kapena kuononga, nkhani ili pa ndiwo.

Nanga nsomba? Nanga tsabola?

Izi ziwiri ndiye adani ake. Tsiku lina alamu anga ananyamula Cabernet wabwino ndithu kupita naye ku Nkhata Bay, botolo lili pampando wakumbuyo dzuwa likuliwomba njira yonse. Titafika anaitanitsa batala wowotcha ndi kondowole, n'kutsegula. Atangomwa anakwinya nkhope. "Alamu, vinyo uyu andigulitsa wachinyengo, akumveka ngati ndanyambita msomali." Vinyoyo analibe mlandu. Mafuta a nsomba akakumana ndi vinyo wofiira wolimba amatulutsa kakomedwe ka chitsulo ndi fungo la nsomba loposa la nsombayo. Usipa wouma ndiye umanyanya. Pa chambo, batala kapena kampango tengani vinyo woyera, kapena ngati mwaumirira wofiira, Cinsaut kapena Pinot Noir wozizira.

Tsabola wa kambuzi amatentha kale m'kamwa, ndiye mowa wa 14 peresenti ndi tanini zimathira palafini pamoto. Ngati simungadye nyama popanda Nali, chepetsani, kapena sankhani vinyo wofewa wokhala ndi kashuga pang'ono. Zotsekemera monga keke ya paukwati zimachititsanso vinyo wopanda shuga kumveka wowawa kawiri.

Amati vinyo wofiira salowa mufiriji. Ndi zoona?

Lamulo limenelo linachokera m'nyumba zozizira za ku Ulaya. Vinyo womanga amakoma pa madigiri 16 mpaka 18. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi, popeza tili pamtunda wa mamita oposa 1,200: mu Juni ndi Julayi botolo lochokera m'kabati limakhala lili bwino kale, mwinanso lozizira mopitirira. Koma mu Okutobala ndi Novembala, kapena mukatsikira kunyanja, liikeni mufiriji mphindi 20 mpaka 30 musanatsegule. Magetsi akathima, ndowa ya madzi ozizira imakwanira.

Vinyo akatentha, mowa umatsogola n'kumawotcha pakhosi. Akazizira kwambiri, fungo la zipatso limabisala ndipo tanini amaluma kuposa kale. Mwa zolakwa ziwirizi yabwinoko ndi yachiwiri, chifukwa tambula mukaifumbata m'manja imafunda yokha.

Ndatsegula kale ndipo akumanga kwambiri. Nditaye?

Musataye. Choyamba onani ngati sanazizire mopitirira. Chachiwiri mukhuthulireni m'jagi yoyera yagalasi, mumusiye ola limodzi kapena awiri. Kungochotsa chotsekera n'kusiya botolo chilili sikuthandiza, pakamwa pake m'pang'ono kwambiri moti mpweya sufika. Kunena zoona, ola limodzi silisungunula tanini, koma limadzutsa fungo la zipatso, ndipo zipatso zikamveka kumanga kuja sikukhalanso kokha. Chachitatu, bwererani ku funso la chakudya. Ngati zonse zakanika, tsekani mumuyesenso mawa, Cabernet amene sanagone zaka nthawi zambiri amakoma tsiku lachiwiri.

Ena amathiramo Coca-Cola. Ku Mozambique chakumwa chimenechi amachitcha catembe, ku South Africa katemba, ku Spain kalimotxo, ndiye si ife tinayamba. Pa vinyo wa m'katoni sindiletsa. Pa botolo limene mwalipira ndalama ya thumba la feteleza, mtima umandipweteka. Wotsala wina aliyense amapita mumphika wa nyama ya ng'ombe, koma muthire pang'ono, chifukwa msuzi ukaphwera tanini amatsala momwemo.

Ndikasunga zaka zambiri adzafewa? Ndisunge pati?

Vinyo wopangidwira kusunga amafewadi. M'kupita kwa zaka tanini amasintha, amalumikizana ndi mtundu wofiira uja, wina n'kugwa pansi, ndipo vinyo amachoka pa kufiira kwakuda kupita ku mtundu wa njerwa. Tanini yemweyo ndi amene amamuteteza ku mpweya kuti asafe msanga. Koma vinyo wotere ndi wochepa: Cabernet wabwino wa ku Stellenbosch, Meerlust Rubicon, Pinotage wa ku Kanonkop, amenewo akhoza kudikira zaka khumi kapena kuposerapo. Mabotolo ambiri a pashelefu anapangidwa kuti amwedwe m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wa m'katoni m'miyezi yochepa. Kuwasunga ndi kungowakalambitsa.

Malo abwino ndi amdima, ozizira, osasinthasintha, chapamadigiri 12 mpaka 15 ngati n'kotheka. M'nyumba zathu ndiye kuti pansi pa simenti, m'chipinda chapakati chosawombedwa ndi dzuwa, m'katoni, kutali ndi khitchini. Kabati yagalasi ya pabalaza, imene ambiri timaonetserapo mabotolo, ndi malo oipa koposa, makamaka m'nyumba yamalata yopanda siling'i. Botolo la chotsekera cha khungwa la mtengo, chotchedwa cork, ligone chammbali kuti chisaume, la chotsekera chopotokola likhoza kuima.

Ndingadziwe bwanji kuti vinyo waonongeka, osati wangokhala womanga?

Botolo lochokera ku Cape, ku South Africa, limayenda makilomita oposa 3,000 pa lole lisanafike kuno, kudutsa m'zigwa zotentha, kuima pazipata za m'malire, kenaka msewu wa M1 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa. Kutentha ndiye mdani wamkulu. M'sitolo yang'anani ngati chotsekera chatukuka, ngati pakhosi pali mkwasa wa vinyo wouma, kapena ngati vinyo watsika kuposa mabotolo anzake. Ine ndinagulapo botolo m'sitolo ina limene linakhala pawindo miyezi, pepala lake litachita kutuwa ndi dzuwa. Ndinaona mtengo wotsika n'kutseka maso. M'kati munali chinthu chonga jamu wopserera. Tengani la kumbuyo kwa shelefu, kumdima.

Mukatsegula, mphuno ikuuzani. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, fungo la katoni yonyowa kapena chipinda chachinyontho, mtundu wa bulauni pa vinyo wa zaka ziwiri zokha, zonsezi ndi matenda. Vinyo womanga koma wamoyo amanunkhira zipatso, ngakhale akuumitsa m'kamwa.

Botolo lotsegula limakhala masiku angati?

Atatu mpaka asanu, lotseka bwino, lili mufiriji, ndipo mulitulutse kanthawi musanamwe. Womanga amapirira kuposa wofewa. Mukatsala ndi theka, thirani m'kabotolo kakang'ono koyera kadzaze mpaka pakhosi, mpweya uchepe.

Amati vinyo wofiira amawonjezera magazi ndipo amateteza mtima. Ndiyambe kumwa?

Za magazizo ayi. Kufiira kwa vinyo ndi utoto wa makungu a mphesa, kulibe ubale ndi magazi. Ndipotu tanini amachita zosiyana: amagwira ayironi wa m'zakudya monga nyemba ndi bonongwe, thupi n'kulephera kumutenga bwino, monga amachitiranso tiyi womwera pachakudya. Amene wauzidwa kuchipatala kuti magazi ndi ochepa atsate zimene amuuza kumeneko.

Za mtima zinatchuka mu 1991, pulogalamu ya pa TV ya ku America ya 60 Minutes itaulutsa nkhani yakuti anthu a ku France amadya zamafuta koma sadwala mtima kwambiri, mwina chifukwa cha vinyo wofiira. Malonda anakwera, koma kafukufuku wa pambuyo pake sanatsimikize kuti vinyo ndiye mankhwala. Mu Januwale 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti suvulaza thupi. Ngati simumwa, musayambe chifukwa cha mtima.

Ngati mumamwa, dziwani kukula kwa chimene mwagwira. Botolo la mamililita 750 la 14 peresenti lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo 6 a mowa wa 5 peresenti a mamililita 330, n'kutsalako pang'ono. Popeza samveka ukali ngati kachasu, anthu amatha botolo okha n'kukagwira chiwongolero. Amayi oyembekezera, amene akumwa Flagyl kapena mankhwala a TB, ndi ana osafika zaka 18, asayandikire.

Mutu umandipweteka ndikamwa wofiira, koma woyera ayi. Ndi tanini?

Ena amatero, koma yesani kaye ndi kapu yachitatu ya tiyi ija: ngati tiyi wokhathamira sakupwetekani mutu, tanini payekha si wolakwa. Ambiri amaloza mawu akuti contains sulphites a pabotolo, onena za mankhwala oteteza vinyo kuti asaonongeke, koma vinyo woyera ndi wotsekemera kawirikawiri amakhala ndi mankhwala amenewo ochuluka kuposa wofiira. Vinyo wofiira ali ndi chinthu china chachilengedwe chotchedwa histamine chochulukirapo, chimene anthu ena sagwirizana nacho. Mu 2023 ofufuza a ku Davis komwe kuja anapereka ganizo lakuti quercetin, chinthu china cha m'makungu a mphesa zowombedwa kwambiri ndi dzuwa, chimachedwetsa thupi kugaya mowa, koma anayesa m'labotale, osati pa anthu.

Mutu wa m'mawa mwake uli ndi dzina lake lakale, matsire, ndipo umachokera ku kuchuluka kwa matambula. Idyani kaye, ndipo tambula iliyonse ya vinyo izitsatana ndi ya madzi.

Kodi kulibe vinyo wa kufupi kuno?

Alipo. Ku Dodoma, ku Tanzania, amalima mphesa ndipo amakolola kawiri pachaka, chinthu chosachitika ku Cape kapena ku Ulaya. Ali ndi mphesa yawo yofiira yotchedwa Makutupora, ndipo vinyo wawo alipo wopanda shuga ndi wotsekemera, ndiye muwerenge bwino musanagule kwa obwera nawo kudzera ku Songwe. Kuno kwathu kuli Linga wa ku Lilongwe, amene amapangidwa ndi zipatso zina osati mphesa. Wa jambula ndiye woyenera kumuyesa pa nkhani yathuyi, chifukwa jambula payekha amamanga m'kamwa ndi kudetsa lilime, monga akudziwira aliyense amene anakwerapo mtengo wake ali mwana.

Pansi pa botolo pali zakudazakuda ngati nsenga. Ndi zoopsa?

Ayi. Ndi tanini ndi utoto zimene zagwa m'kupita kwa zaka, monga tanenera pa funso la kusunga, ndipo nthawi zina pamakhalanso timiyala tonyezimira ngati shuga tomatirira kuchotsekera, timene ndi mchere wachilengedwe wa mphesa. Sizipweteka, kungoti zimawawa ndi kukhala ngati mchenga m'mano. Imikani botolo tsiku lathunthu musanatsegule, ndiye thirani pang'onopang'ono m'jagi osaimitsa dzanja, tochi ya foni ikuwala kunsi kwa khosi la botolo. Mukangoona zakuda zija zikufika pakhosi, lekani. Zala ziwiri zotsala pansizo zisefeni ndi kansalu koyera, zipite mumphika wa mang'ina.